Bali: Mbiri ya Chilumba Cholandira Alendo

M'nkhani yathu ya mbiri ya maiko sabata ino tiwoloka nyanja yaikulu ya India, tilunjike kum'mawa mpaka ku Indonesia, dziko la zilumba zoposa 17,000. Pakati pa zilumba zimenezi pali china chotchedwa Bali. Kukula kwake sichifika ngakhale pa boma lathu la Lilongwe, komabe chili ndi anthu oposa 4 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2019 chokha chidalandira alendo ochokera kunja oposa 6 miliyoni. Taganizani, alendo kuchuluka kuposa eni mudzi.

Munthu wokachita tchuthi ku Bali sachedwa kuzindikira kuti wafika kwa anthu opembedza. Pakhomo pa hotela, pakhonde la sitolo, pamphambano, ngakhale kutsogolo kwa dalaivala m'galimoto, amaona timadengu ting'onoting'ono toluka ndi masamba a kokonati, momwe muli maluwa, mpunga pang'ono ndi lubani wofuka. Timatchedwa canang sari, ndipo amayi amatiika tsiku ndi tsiku ngati nsembe yoyamika. Akafuna kulowa m'kachisi, eni ake samubweza, koma amayamba amuveka nsalu m'chiuno ndi kum'manga lamba. Akafunsa maina a omutumikira amadabwa kumva Wayan, Made, Nyoman ndi Ketut kulikonse, pakuti mabanja ambiri amatcha ana motsata kubadwa kwawo: woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, ndipo wachisanu amayambiranso pa Wayan. Mabuku okopa alendo amachitcha chilumbachi paradaiso. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti nsangala za anthu a ku Bali n'zachiphamaso ayi. Ndikunena kuti nsangalazo zili ndi mbiri yake, ndipo m'mbiriyo muli magazi.

Tiyambe ndi funso limene aliyense amafunsa. Indonesia ndi limodzi mwa maiko okhala ndi Asilamu ochuluka koposa padziko lonse. Nanga zidatani kuti pa chilumba chimodzi chokha ichi anthu pafupifupi 87 mwa 100 aliwonse akhale Ahindu? Chihindu sichidafike ku Bali ndi malupanga. Chidabwera pang'onopang'ono m'zombo za amalonda ndi ansembe oyenda pakati pa India ndi zilumba za kum'mawa, ndipo mafumu adachilandira pamodzi ndi malemba ake ndi kawerengedwe kake ka zaka. Ku Sanur, komwe lero kuli mahotela mdadada, kudakali mwala wa Blanjong umene mfumu Sri Kesari Warmadewa idalembetsapo mawu m'chaka cha 914, m'chinenero cha Sanskrit ndi m'chinenero chakale cha ku Bali. Patapita zaka makumi angapo, mfumu Udayana idakwatira Mahendradatta, mwana wamfumu wa ku Java, ndipo mwana wawo Airlangga adakalamulira kum'mawa kwa Java. Mu 1343 Gajah Mada, nduna yaikulu ya ufumu wa Majapahit, adagonjetsa Bali ndi kuikako mafumu a mbumba ya ku Java.

Tsono Chisilamu chitafalikira m'madoko a Java, Majapahit idazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Nkhani ya makolo imati ansembe, akalonga ndi amisiri adawoloka kamkono ka nyanja kolekanitsa zilumba ziwirizi, atanyamula mabuku awo olembedwa pamasamba a mgwalangwa. Akatswiri a mbiri amati kusamukako kudachitika pang'onopang'ono kusiyana ndi momwe nthano imanenera, koma onse amavomereza kuti Bali, pansi pa mafumu a ku Gelgel, ndiye adasanduka nkhokwe ya zimene Java adazisiya. M'nyengo imeneyo mudafika wansembe Dang Hyang Nirartha, amene dzina lake limatchulidwa pa akachisi awiri ojambulidwa koposa ndi alendo: Tanah Lot, woimirira pathanthwe pakati pa mafunde, ndi Uluwatu, wa pamwamba pa phompho.

Amene mudaonapo Ahindu a m'matauni mwathu musaganize kuti mwaona kale za ku Bali. Chihindu cha kumeneko chidakwatirana ndi chipembedzo cha makolo chimene chidalipo kale. Anthu amadya nyama ya nkhumba, ndipo nkhumba yowotcha yathunthu ndiyo ndiwo ya paphwando. Kachisi wawo si nyumba yofolera, koma bwalo la mpanda lopanda denga, kuti milungu ndi mizimu ya makolo itsike mosavuta pa tsiku la chikondwerero, limene limabwera masiku 210 aliwonse. Mudzi uliwonse uli ndi akachisi atatu: wa makolo oyambitsa mudzi, wa msonkhano wa mudzi, ndi wa akufa. Banja lililonse lilinso ndi kakachisi kake pangodya yoyang'ana kuphiri, pakuti kwa iwo kuphiri ndiko koyera. Pakati pa mwambo uliwonse pali madzi odalitsidwa, kotero kuti kale chipembedzochi ankangochitcha chipembedzo cha madzi oyera. Mawuwa muwasunge, pakuti nkhani ya madzi tiipezanso kutsogoloku.

Azungu a ku Holland, amene ife tidazolowera kuwatcha Adatchi, adafika koyamba mu 1597 motsogozedwa ndi Cornelis de Houtman. Mfumu idawalandira bwino, ndipo zombo zitanyamuka amalinyero awiri adatsalira. Olemba mabuku okopa alendo amaikonda nkhani imeneyi, amati awiriwa ndiwo alendo oyamba kukodwa ndi kukongola kwa Bali. Chimene satchula n'chakuti kwa zaka zoposa 200 zotsatira, malonda aakulu a chilumbachi adali anthu. Mafumu ake, amene ankalimbana okhaokha kosalekeza, ankagulitsa akapolo ku Batavia, mzinda umene lero ndi Jakarta. Nthawi imeneyo palibe Mzungu amene ankalemba za paradaiso. Ankalemba za anthu aukali, okonda nkhondo, otentha akazi amasiye a mafumu pamaliro a amuna awo. Anthu ake ndi omwewo, koma wolemba ankaona zimene zinkam'thandiza pa nthawiyo.

Adatchi adachita nkhondo zitatu, mu 1846, 1848 ndi 1849, kuti agwire kumpoto kwa chilumbachi. Maufumu a kum'mwera adakhalabe paokha kufikira chifukwa chowaputira chitapezeka. Mu Meyi 1904 chombo chotchedwa Sri Kumala, cha wamalonda wina wa Chitchaina, chidatsakamira pamatanthwe pafupi ndi Sanur, ndipo mwini wake adadandaula kuti anthu a m'mbali mwa nyanja adafunkha katundu wake. Ku Bali kudali lamulo lakale lonena kuti chimene nyanja yalavula n'cha mfumu ndi anthu a dera limenelo, lamulo limene Adatchi ankadana nalo kuyambira kale. Adalamula mfumu ya ku Badung kuti ilipire ndalama zasiliva 3,000. Mfumu idakana, ponena kuti anthu ake sadabe kanthu.

Pa 14 Sepitembala 1906 asilikali a Adatchi adatsikira pagombe la Sanur. Pa 20 Sepitembala adalowa m'Denpasar, napeza nyumba yachifumu ikufuka utsi, ng'oma zikulira m'kati. Chipata chidatseguka. Mfumu idatuluka itanyamulidwa pamachila, itavala zoyera monga amavalira munthu wopita ku maliro ake omwe, ndipo pambuyo pake padali akazi ake, ana, ansembe, nduna ndi antchito, onse m'zoyera, maluwa m'mutu, m'manja muli mikondo ndi mipeni ya makolo yotchedwa kris. Adayenda molunjika mifuti. Asilikali adawalamula kuti aime, koma sadaime. Mifuti italira, amene sadagwe ndi zipolopolo ankadzibaya okha kapena kubayana, ndipo mboni zidasimba kuti amayi ena ankaponyera asilikali ndalama zagolide ndi zokometsera zawo monyoza, ngati kuwalipira chifukwa chowapha. Madzulo a tsiku lomwelo zidachitikanso chimodzimodzi ku nyumba yachifumu ya Pemecutan. Olemba mbiri ambiri amati adafa anthu oposa 1,000. Mchitidwe umenewu umatchedwa puputan, ndiko kuti kutsiriza. Pa 28 Epulo 1908 Dewa Agung wa ku Klungkung, wamkulu wa mafumu onse a pachilumbapo, adatsiriza mwa njira yomweyo, ndipo Bali yense adagwa m'manja mwa atsamunda.

Apa mpamene pali gwero la nkhani yathu. Mbiri ya kuphedwa kwa anthuwa idafika m'nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America, ndipo boma la Holland lidachita manyazi. Pofuna kutsuka dzina lake, lidasintha nyimbo. Iwo amene adangowononga maufumuwo adadzisandutsa atetezi a mwambo wa Bali. Adatsekereza amishoni kwa zaka zambiri, sadalole kuti Azungu atsegule minda yaikulu monga adachitira ku Java ndi ku Sumatra, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adalamula kuti m'sukulu muziphunzitsidwa magule, zosema ndi chinenero cha makolo. Zina mwa izi zidathandizadi. Koma adaumitsanso kusiyana kwa mitundu ya anthu, nalemba m'mabuku a boma kuti uyu ngwapamwamba, uyu ngwamba, pamene kale munthu ankatha kukwera kapena kutsika. Adafuna chilumba chosasintha, choti anthu azidzaonerera. Kampani ya sitima zapamadzi ya KPM idayamba ulendo wa sabata ndi sabata wodzera ku Bali mu 1924, ndipo mu 1928 idatsegula Bali Hotel ku Denpasar, pafupi penipeni ndi pomwe mitembo idaunjikana zaka 22 m'mbuyomo. Pakhonde la hotela imeneyi alendo ankaonerera magule atatha kudya chamadzulo.

Chithunzi cha paradaiso chidajambulidwa ndi anthu owerengeka. Gregor Krause, dokotala wa ku Germany amene adagwira ntchito ku Bangli, adasindikiza buku la zithunzi mu 1920, ndipo tisabise, zambiri zimene zidakopa Azungu m'bukumo zidali za amayi osavala kumtunda, pakuti ndimo ankavalira masiku amenewo. Mu 1927 Walter Spies, katswiri wojambula ndi woimba, adakhazikika ku Ubud molandiridwa ndi banja lachifumu la Sukawati. Nyumba yake idasanduka pofikira pa anthu otchuka: Charlie Chaplin adacheza ku Bali mu 1932, Margaret Mead ndi Gregory Bateson adayamba kafukufuku wawo mu 1936, ndipo Miguel Covarrubias wa ku Mexico adatulutsa buku lake lotchedwa Island of Bali mu 1937. Mu 1936 Spies, Rudolf Bonnet, Cokorda Gede Agung Sukawati ndi mmisiri wamkulu I Gusti Nyoman Lempad adayambitsa bungwe la Pita Maha, lothandiza ojambula a m'midzi kugulitsa ntchito zawo popanda kutsitsa luso. Chaka chomwecho Robert ndi Louise Koke a ku America adamanga timanyumba ta alendo pagombe la Kuta, pamene padali mudzi wa asodzi chabe.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsani m'mene zinthu zidalukanirana. Alendo ambiri lero amapita ku Uluwatu dzuwa likamalowa kukaonera kecak, gule wa amuna ambirimbiri okhala pansi mozungulira moto, opanda ng'oma kapena choimbira chilichonse, pakamwa pokha pakugunda ngati ng'oma. Ambiri amabwerera kwawo akukhulupirira kuti aona mwambo wa zaka zikwi. Choona n'chakuti kaimbidweko kadachokeradi ku mwambo wakale wotchedwa sanghyang, wochotsa miliri m'mudzi, koma gule amene amaonetsedwayo adakonzedwa m'zaka za m'ma 1930 ndi wovina Wayan Limbak wa ku Bedulu mothandizana ndi Spies, amene adalumikiza kaimbidweko ndi nthano ya Ramayana kuti alendo azitha kutsatira. Kodi tinene kuti ngwabodza? Ine sinditero. Adapangidwa ndi anthu a ku Bali, amavinidwa ndi midzi yathunthu, ndipo ndalama zake zamanga mabwalo a misonkhano ndi kukonzetsa akachisi. Chimene chimandinyansa n'chakuti mabuku a nthawiyo sankatchula kuti misewu yosalala imene alendo ankayendamo idalimidwa ndi thangata, ndi kuti pamene malonda adagwa padziko lonse m'zaka za m'ma 1930, alimi ambiri adapinyolitsa minda yawo kuti apeze ndalama ya msonkho.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idathetsa nyengo imeneyi. Spies, pokhala Mjeremani, adatsekeredwa ndi Adatchi, ndipo adamira mu Januwale 1942 pamene ndege ya Japan idaphulitsa sitima imene idanyamula akaidiwo. Indonesia idalengeza ufulu wake pa 17 Ogasiti 1945, koma Adatchi adabwerera ndi mifuti. Pa 20 Novembala 1946, ku Marga, msilikali wachinyamata I Gusti Ngurah Rai ndi anthu ake, onse pamodzi 96, adamenya nkhondo mpaka womaliza. Mlendo aliyense wotera pabwalo la ndege la Bali amatera pamalo otchedwa dzina la munthu ameneyu. Ufulu utabwera, padabuka vuto lina. Unduna wa za chipembedzo unkavomereza chipembedzo chokhala ndi Mulungu mmodzi ndi buku loyera, ndipo anthu a ku Bali adaikidwa m'gulu la amene sadapeze chipembedzo. Atsogoleri awo adalimbikira, nafotokoza kuti milungu yonse ndi maonekedwe a Mmodzi, Sang Hyang Widhi Wasa. Boma lidavomera mu 1958, ndipo bungwe la Ahindu la Parisada lidakhazikitsidwa mu 1959.

Pulezidenti Sukarno, amene mayi wake adali wa ku Bali, adasandutsa chilumbachi chipinda cholandirira alendo a boma, namanga nyumba yachifumu ku Tampaksiring. Mu Malichi 1963 kudakonzedwa mwambo wa Eka Dasa Rudra, waukulu koposa yonse, woyeretsa dziko kamodzi pa zaka 100. Malo ake adali Besakih, mayi wa akachisi onse, m'mbali mwa phiri la Agung, lotalika mamita oposa 3,000, msinkhu wofanana ndi Sapitwa wathu. Phirilo lidayamba kufuka mu Febuluwale, koma mwambo udapitirira, phulusa likugwera ansembe pamutu. Pa 17 Malichi lidaphulika koopsa. Anthu oposa 1,000 adafa, midzi idakwiririka, minda idapsa, njala idalowa. Kachisi wa Besakih adapulumuka, koma ambiri adati milungu yakana nsembe. Zaka ziwiri zokha zitapita, kumapeto kwa 1965 ndi kumayambiriro kwa 1966, kudabwera tsoka loposa phiri. Asilikali ndi magulu a m'midzi adasaka onse oganiziridwa kuti ndi a chipani cha Komyunizimu, ndipo akatswiri amati ku Bali kokha kudaphedwa anthu ngati 80,000, munthu mmodzi mwa 20 aliwonse. Kawirikawiri wopha ndi wophedwa adali a mudzi umodzi, opembedza m'kachisi mmodzi. Mu 1966 momwemo, manda a anthu ambirimbiri asanamere udzu, hotela yosanja kakhumi ya Bali Beach idatsegulidwa ku Sanur, yomangidwa ndi ndalama za chipepeso cha nkhondo zochokera ku Japan. Kawiri konse, tsono, ntchito yokopa alendo idayamba pamwamba pa maliro osalira.

Boma la Suharto lidaona kuti alendo ndiwo mgodi wa Bali. Bwalo la ndege lidakuzidwa nkutsegulidwa mu 1969, ndipo mu 1971 akatswiri a ku France adalemba pulani yakuti mahotela aakulu amangidwe pamalo amodzi, ku Nusa Dua, kutali ndi midzi, kuti alendo asasokoneze mwambo. Kudaikidwanso lamulo lakuti nyumba isatalike kuposa mtengo wa kokonati, ndiko kuti mamita 15. Koma alendo sadatsate pulani. Achinyamata a ku Australia ndi ku Ulaya, a ndalama zochepa, adakhamukira ku Kuta ndi ku Ubud, ndipo mabanja adayamba kuwapatsa zipinda m'makomo mwawo momwe, kuwaphikira nthochi ndi tiyi m'mawa, kuwatenga popita ku ukwati ndi ku maliro. Mbiri yabwino ya kulandira alendo kwa anthu a ku Bali idamera m'makomo amenewa koposa m'mahotela. Ngakhale pa ngaben, mwambo wotentha mtembo, pamene nsanja yaitali yonyamula malemuyo imazunguzidwa pamphambano kuti mzimu usokonezeke usabwerere kunyumba, mlendo wovala mwaulemu sapirikitsidwa, pakuti kwa iwo limeneli ndi tsiku lomasula mzimu, si tsiku lobisa.

Eni chilumba adaona okha kuti pafunika malire. Padali gule wotchedwa pendet, amene amayi amavina m'kachisi polandira milungu, atanyamula mbale za maluwa. M'zaka za m'ma 1950 adayamba kumuvinira apulezidenti ndi alendo a m'mahotela, kuwawaza maluwa amene kale ankaperekedwa kwa milungu. Akuluakulu a chipembedzo adadandaula kuti uku n'kulinganiza mlendo ndi mulungu. Tsono katswiri wa zoimba I Wayan Beratha adapeka gule wina wolandirira anthu, wotchedwa panyembrama, ndipo mu 1971 msonkhano wa akatswiri udagawa magule patatu: wali, opatulika, ovinidwa m'bwalo la m'kati mwa kachisi, bebali, operekeza mwambo, ndi balih-balihan, ongosangalatsa oonerera. Chodabwitsa n'chakuti patapita nthawi ovina ena adayamba kuvina panyembrama m'kachisi momwe, gule wa alendo nkukhala wa milungu. Malire olembedwa papepala ndi osavuta kuposa malire a pabwalo. Ife amene timaona Gule Wamkulu akutuluka pamaliro lero, mawa pamsonkhano kapena pamaso pa alendo okhala ndi makamera, funso limeneli sitikulimva koyamba.

Ndidati tibwerera ku madzi. Minda ya mpunga yokwera m'mapiri ngati makwerero, imene alendo amaijambula ku Jatiluwih, imayendetsedwa ndi mabungwe a alimi otchedwa subak, amene akhalapo zaka pafupifupi 1,000. Alimi omwera ngalande imodzi amasonkhana pakachisi wawo wa madzi ndi kupangana tsiku lobzala, ndipo akachisi ambiri otere amayang'ana ku kachisi wamkulu wa Ulun Danu Batur, pafupi ndi nyanja ya pamwamba pa phiri. M'zaka za m'ma 1970 boma lidabweretsa mbewu zatsopano zocha msanga, feteleza ndi mankhwala, nkulamula kuti aliyense azibzala kawirikawiri m'mene angathere, osadikira ansembe. Zokolola zidakwera poyamba, kenaka tizilombo ndi matenda a mpunga zidabuka, madzi nkuyamba kuperewera. Katswiri wa ku America, Stephen Lansing, ndi mnzake James Kremer adaonetsa ndi kompyuta chimene alimi ankadziwa kale: minda yonse ya dera limodzi ikagonekedwa nthawi imodzi, tizilombo timasowa chakudya nkufa, ndipo madera akamasinthana nthawi yobzala, madzi amakwanira onse. Kalendala ya kachisi idali ulangizi wa zaulimi wovala zovala za chipembedzo. Mu 2012 bungwe la UNESCO lidaika subak m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Koma lero mdani wa subak salinso tizilombo. Minda yambirimbiri ikugulitsidwa chaka ndi chaka kuti pamangidwe nyumba za alendo, zitsime zakuya za mahotela ndi maiwe osambiramo zikutsitsa madzi a pansi, ndipo mwana wa mlimi amasankha kunyamula mbale m'hotela kusiyana ndi kuponda matope. Mahotela aakulu ambiri eni ake ali ku Jakarta kapena kunja. Wantchito wa ku Bali amakhala pakati pa mabwana awiri: woyang'anira ntchito amene amam'funa pa ola lake, ndi bwalo la mudzi, lotchedwa banjar, limene limam'funa pamaliro ndi pachikondwerero, ndipo wojomba kawirikawiri amalipitsidwa chindapusa.

Usiku wa pa 12 Okutobala 2002 zigawenga za gulu la Jemaah Islamiyah zidaphulitsa mabomba pamalo awiri achisangalalo ku Kuta. Adafa anthu 202, mwa iwo 88 a ku Australia ndi 38 a ku Indonesia. Ambiri adaopa kuti Ahindu abwezera kwa Asilamu okhala pachilumbapo. Sizidatero. Asilamu a ku Kuta adali pakati pa oyamba kunyamula ovulala, ndipo mwezi wotsatira anthu zikwizikwi adasonkhana pamalo a ngoziyo kuchita mwambo waukulu woyeretsa nthaka ndi kuperekeza mizimu ya akufa, eni dziko ndi alendo omwe, popanda kusankha. Alendo adathawa, kenaka adabwerera. Adathawanso mliri wa Covid-19 utagwa: chuma cha Bali chidatsika ndi 9 peresenti mu 2020, ndipo m'chaka chonse cha 2021 alendo obwera molunjika kuchokera kunja adali 51 okha. Operekera zakudya ndi madalaivala adabwerera kumidzi kukalima mpunga ndi ndere za m'nyanja, ndipo amene makolo awo adagulitsa minda adalibe kobwerera. Pofika 2024 alendo adapitiriranso 6 miliyoni, pamodzi ndi zinyalala zawo, kuthithikana kwa magalimoto, ndi ena ojambulitsa ali maliseche pamitengo ndi pamapiri opatulika. Boma la chilumbachi lidatulutsa malamulo a khalidwe la mlendo mu 2023, ndipo kuyambira pa 14 Febuluwale 2024 mlendo aliyense wakunja adayamba kulipira marupiya 150,000 othandizira kusamala mwambo ndi chilengedwe.

Pali tsiku limodzi pachaka limene mlendo amamvera mwini mudzi popanda kukambirana. Limatchedwa Nyepi, chiyambi cha chaka chawo, ndipo kawirikawiri limagwa m'mwezi wa Malichi. Masiku angapo lisanafike, midzi imatsikira kunyanja itavala zoyera kukatsuka zopatulika za m'kachisi. Usiku wotsatizana nalo achinyamata amayendetsa m'misewu zilombo zikuluzikulu zopanga ndi nsungwi ndi mapepala, zotchedwa ogoh-ogoh, ndi phokoso la zitsulo ndi miyuni, kupirikitsa mizimu yoipa. Tsono kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 6 koloko m'mawa mwake, chilumba chonse chimati zii. Osayatsa moto kapena nyale, osagwira ntchito, osayenda, osachita zosangalatsa. Madoko amatsekedwa, ndipo pabwalo la ndege la Ngurah Rai sipatera kapena kunyamuka ndege yonyamula anthu kwa maola 24. Mlendo, kaya walipira ndalama zingati, satuluka pachipata cha hotela. Akapezeka pamsewu kapena pagombe, alonda a mudzi otchedwa pecalang, ovala nsalu ya mabokosi akuda ndi oyera, amam'bweza mwaulemu. Usiku makatani amatsekedwa kuti kuwala kusatuluke, ndipo nyenyezi zimaoneka pamwamba pa Kuta monga zinkaonekera kwa asodzi akale. Kuyambira mu 2018 ngakhale intaneti ya pafoni imazimitsidwa. Ndipo anzathu a ntchito ngati yangayi, a m'nyumba zoulutsira mawu za ku Denpasar, nawonso amatseka makina awo m'bandakucha wa tsikulo nkupita kwawo, wailesi nkukhala chete mpaka kutacha.